Mwathamangitsa Ankhoswe, Banja Lilimba Bwanji?

Khalani pansi nonse. Iwe wa ndevu zisanu, vula zam'makutuzo. Nawenso mtsikana usazembere kukhitchini, ndamva kuti ndiwe unagwira tochi pamene mlongo wako ankachita zaupanduzi, ndipo wogwira tochi pa ntchito yotere sakhala mboni, amakhala woimbidwa mlandu wachiwiri. Bwalo lakhala. Woweruza ndine, wodandaula ndine, apilo palibe, chifukwa agogo anu aakazi, amene amakuikirani kumbuyo pa chilichonse, apita ku Mvano ndipo sabwerako dzuwa lisanapendeke.

Mlandu wake ndi uwu. Munthu wina, amene sindimutchula dzina koma akuyang'ana pansi, anapeza chipangizo choziziritsira purosesa ya kompyuta, chija mumati AIO. Chimachoka kufakitale chili chomatamata: pampu, mapaipi awiri, rediyeta ndi madzi ake m'kati, zonse zotsekedwa kuti zisatsegulidwe mpaka tsiku lokatayidwa. Munthuyu anachiyang'ana, anaona kuti chikugwira ntchito bwinobwino, ndipo poti chikugwira ntchito bwinobwino anatenga lezala n'kudula paipi. Nditamufunsa, akuti akufuna "lupu" yakeyake. Akuti madzi azichoka pa purosesa, azidzera pa khadi la zithunzi, azilowa m'kathanki koonekera m'kati, kokhala ndi timagetsi tofiira ndi tobiriwira, kuti anzake akabwera azigwira pakamwa. Chikomekome cha mkuyu, ana inu.

Musandiyang'ane ngati nkhalamba yosochera. Masewera a pakompyuta ndi anu, sindikulandani. Koma ine ndakalambira kunsi kwa malole, manja ali bii ndi girisi, ndipo rediyeta ndi rediyeta basi, kaya ili kumphuno kwa Bedford kaya ili m'kabokosi pansi pa tebulo lako. Madzi, zitsulo ndi kutentha sizisintha khalidwe chifukwa choti mwazivala timagetsi.

Tiyambe ndi bodza limene mumanamizana, loti madzi amadya kutentha. Sadya ayi, amangonyamula. Purosesa ndi kachinthu ka masentimita pafupifupi 4 mbali zonse, koma ikalimbikira ntchito imatulutsa mawati 100, ina 200, ina kupitirira pamenepo. Ikafika madigiri 95, monga zimachitira Ryzen 7000 za AMD, kapena 100 monga zambiri za Intel, imayamba yokha kubweza liwiro kuti isapse. Pamwamba pake pamagona kambale ka mkuwa, kamene kum'kati kwake anakasema timizere tothinana, timipata take tosakwana theka la milimita. Madzi akamadutsa m'timipatamo amatola kutentha, ndipo amatoladi, pakuti lita imodzi ya madzi imasunga kutentha kuposa lita imodzi ya mpweya maulendo opitirira 3,000. Nanga akatola amapita nako kuti? Ku rediyeta. Kumeneko mafani amakankha mpweya, mpweyawo n'kulanda kutenthako n'kukumwaza m'chipinda chako chomwecho. Woziziritsa weniweni ndi mpweya wa m'chipindamo. Mu Okutobala chipinda chikakhala pa madigiri 33, madzi ako sadzatsika kufika 32 ngakhale utawaimbira nyimbo. Msuweni wako wa ku Nsanje, kumene kutentha kumapitirira madigiri 40, umuuze zimenezi asanayambe kusirira.

Paja unatinso thanki ikakula zinthu zizizira kwambiri, mpaka ndinakuona ukuyang'anitsitsa chigubu cha malita 2. Tenga pensulo. Kuti lita imodzi ya madzi ikwere digiri imodzi pamafunika ma joule pafupifupi 4,200, ndipo wati imodzi ndi joule imodzi pa sekondi. Mawati 200 akamalowa m'malita 2 popanda rediyeta, madziwo amakwera pafupifupi digiri imodzi ndi theka pa mphindi iliyonse. Pakatha theka la ola akwera madigiri opitirira 40. Thanki yaikulu imangochedwetsa tsoka, silichotsa. Masamuwa ndi a kusekondale, ndipo fizi yake ndinaponyapo dzanja ndine.

Tsopano tcherani khutu, tafika pa mutu wa mlandu.

Kambale kaja ndati n'ka mkuwa. Rediyeta ya AIO, pafupifupi iliyonse imene mungaipeze, ndi ya aluminiyamu, chifukwa aluminiyamu ndi wopepuka komanso wotchipa. Mkuwa ndi aluminiyamu akakhala m'madzi amodzi ndi banja losayenerana. Madzi akangokhala ndi timchere pang'ono amayamba kudutsitsa mphamvu ya magetsi, zitsulo ziwirizo n'kusanduka batire laling'ono, ndipo pa batire lotere pamakhala wodya ndi wodyedwa. Wodyedwa, masiku onse, ndi aluminiyamu. Sadyedwa mofanana thupi lonse kuti uone msanga, ayi. Tizidutswa ta mkuwa tosaoneka ndi maso timasungunuka, timayenda ndi madzi, timakatera pa aluminiyamu, ndipo paliponse pamene tatera pamayamba kadzenje. Kunja rediyeta ili phuliphuli, m'kati ikubooka. Zonyenyeka zake zimasanduka phala loyererako limene limatsata madzi n'kukatseka timipata ta pa kambale paja. Zikafika apo purosesa ikuotcha, pampu ikulira, iwe ukutukwana kampani imene sinakulakwire.

A kufakitale zonsezi amazidziwa. Banjali analimanga dala, akudziwa kuti ndi la ndewu, koma analiikira ankhoswe. Madzi aja munawakhuthulira m'ngalande sanali madzi wamba. Anali osakaniza ndi glycol, kawirikawiri wa mtundu wa propylene, ndipo munali mankhwala ophimba zitsulo kuti zisadyeke, ndi ena opha tizilombo ndi ndere. Amenewo ndiwo ankhoswe. Amakhala pakati usana ndi usiku, mkuwa ukati utukule dzanja iwo n'kuugwira. Mukamaona Corsair ikulimba mtima kupereka waranti ya zaka 5, kapena NZXT ya zaka 6 pa ma Kraken ake, musaganize kuti akukhulupirira banjalo. Akukhulupirira ankhoswe, ndiponso akukhulupirira kuti chitseko n'chotseka, palibe wolowerera. Inu mwabwera, mwathyola chitseko, mwathamangitsa ankhoswe, mwathira madzi a pampopi, n'kumati awiriwa akhalitsana poti ndi ooneka bwino.

Madzi a pampopi! Amenewo ali ndi klorini ndi timchere tosiyanasiyana. A pamjigo ndiye musanene n'komwe, onani mmene amayeretsera ketulo m'kati. Ndaona ndi maso angawa kondakitala wa minibasi akuthamanga ndi chigubu, kukatunga pachithaphwi n'kuthira m'rediyeta injini ikufuka nthunzi. Tsiku limenelo minibasi inafika kumene inkapita, aliyense anasangalala. Koma minibasi zoterozo zinkabwera kugalaja pambuyo pake, ndipo ukatsegula hedi ya aluminiyamu unkapeza njira za madzi zitadyeka, gasiketi yopanda pogwira. Mwini wake ankati amulodza.

Ngati mukuti izi ndi nthano za pagalaja, funsani a ku New York. Chifanizo chija cha mayi wonyamula muuni, Statue of Liberty, khungu lake ndi la mkuwa, ndipo m'kati mwake munali mipiringidzo yachitsulo yogwira khungulo. Omanga ake ankaidziwa ndewu imeneyi, anaika zotchinga pakati pa zitsulo ziwirizo. Zotchingazo zitatha ndi chinyezi cha panyanja, chitsulo chinadyeka n'kutupa, mpaka pakati pa 1984 ndi 1986 anachita kuchotsa mipiringidzoyo n'kuikamo ina ya chitsulo chosachita dzimbiri. Dziko lonse la America linachita kusonkha ndalama. Ndiye iwe, ndi kabokosi kako ka masikuluu osafanana, ukuti malamulo amenewa akulambalala?

Ndipo simunalekere pomwepo. Kuti madzi adutse pa khadi la zithunzi mwagula chimbale china cha mkuwa, chokutidwa ndi nikelo. Zolumikizira mapaipi mwagula za bulasi, amene ndi mkuwa wosakaniza ndi zinki. Mwadzaza nyumba ndi abale a mkuwa okhaokha, aluminiyamu ali yekha pakona. Kenako mnzako wina, amene nzeru zake zonse anazitola pa YouTube, wakuuza kuti uponye kawaya ka siliva m'thanki, kapena udonthezemo madontho abuluu aja a copper sulphate, kuti ndere zisamere. Zimenezo zimagwira ntchito m'lupu ya mkuwa wokhawokha. M'lupu yokhala ndi aluminiyamu, kuthira mankhwala a mkuwa ndiko kuitana mlamu waukali kuti adzathandize kumenya. Safunsa anadya phula, koma wofunsa kwa munthu wolakwika amadya zoposa phula.

Njira zilipo zitatu, ndipo ndikuuzani mwaulere. Kapena zonse zikhale za mbumba ya mkuwa: mkuwa, bulasi, nikelo, kutanthauza kuti rediyeta ya AIO ija ituluke. Kapena zonse zikhale za aluminiyamu, monga anachitira a EK a ku Slovenia mu 2017 ndi zida zawo za Fluid Gaming, zimene anachenjeza okha kuti zisasakanizidwe ndi za mkuwa. Kapena, ngati mwaumirira banja losakanizali, bwezani ankhoswe. Madzi akhale otcheza, oyeretsedwa, aja timawonjezera m'batire la galimoto amene amagulitsa pamalo omwetsera mafuta. Ndati madzi a batire, sindinati asidi wa batire. Iwe ndimakudziwa, umamva theka la chiganizo n'kunyamuka. M'madzimo muthire mankhwala amene pabotolo pake alemba kuti amateteza aluminiyamu ndi mkuwa pamodzi. Kulanti wa galimoto amatha kugwira ntchito, pakuti injini nayo ndi mudzi wa zitsulo zosiyanasiyana, koma ndi wolemera. M'galimoto timasakaniza theka kwa theka, pampu yake ikuzunguzidwa ndi injini yathunthu. Glycol akachuluka madzi amanyamula kutentha kochepa ndipo amavuta kukankha. Akachepetsetsa, ankhoswe amakhalapo koma opanda mawu. Ndiponso ankhoswe amakalamba. Mankhwalawo amatha mphamvu, makamaka tsopano poti lupu yako ili ndi thanki imene imalowa mpweya nthawi iliyonse ukatsegula. Chaka chilichonse ukhuthule, utsuke, uthire atsopano. Ntchito imene kampani inkakugwirira mwakachetechete waisenza wekha, mpaka kompyutayo idzafe.

Za pampu. Kapampu kali m'mutu mwa AIO kamadya mawati owerengeka chabe. Anakayeza kuti kakankhe madzi osakwana theka la lita, kudutsa pa kambale kamodzi, rediyeta imodzi ndi mapaipi awiri aafupi. Kameneko ndiye katundu wake. Anthu omanga lupu yeniyeni amagwiritsa ntchito D5 kapena DDC, mapampu amene anachokera ku kampani ya Laing ya ku Germany. D5 ikatsegulidwa yonse imadya mawati opitirira 20, imatha kukankha malita pafupifupi 1,500 pa ola pamene palibe chotchinga, ndipo imakweza madzi pafupifupi mamita 4. Iwe watenga kapampu ka AIO, wakawonjezera chimbale chachiwiri, zigongono zinayi, paipi yozungulira bokosi lonse kuti ioneke bwino pa chithunzi, n'kumadabwa kuti m'thanki madzi akungodontha. Chigongono chilichonse chimadya mphamvu. Chimbale chilichonse chimadya mphamvu.

Chinanso chimene simudziwa n'chakuti pampu yotere imadzozedwa ndi madzi omwewo imene ikukankha. Ilibe girisi. Ukaiyatsa youma, mkati mwake mumakhulana, ndipo mphindi zochepa zimakwana kuiwononga. Siyamwanso madzi okha kuchokera pansi, imafuna madzi aipeze. N'chifukwa chake thanki iyenera kukhala pamwamba pa pampu, paipi yochoka kunsi kwa thanki n'kulunjika polowera pa pampu, popanda kudzera kwina. Tsono pa AIO pampu ili pamutu pa purosesa, kumtunda kwa bokosi kale. Thanki yako waiika pansi pafupi ndi galasi poti ndi pamene ikuoneka. Mpweya umakwera kukafuna malo apamwamba kuposa onse, ndipo pamalo apamwambawo iwe waikapo pampu. Phokoso lija umamva usiku, la khotchokhotcho, si mfiti. Ndi pampu ikutafuna thovu.

Rediyeta nayonso mwaisenzetsa. Anzanu odziwa ntchitoyi ali ndi kalamulo kawo: mamilimita 120 a rediyeta pa chinthu chilichonse chotentha, kuwonjezerapo 120 ina yapadera, ndipo kameneko ndi koyambira chabe. Iwe uli ndi 240 imodzi, yopyapyala, ndipo ukufuna inyamule purosesa ya mawati 150 pamodzi ndi khadi la mawati 250. Mafani adzakuwa mpaka oyandikana nawo nyumba adzabwera kudzafunsa, madzi adzatentha, ndipo mapampu ambiri sanapangidwire madzi opitirira madigiri 60.

Pali chimodzi chimene ndakuyamikira, ngakhale zikundiwawa kunena, iwe amene agogo ako aakazi amakutcha mwamuna wawo pamaso panga. Unati ukapeza AIO yachiwiri uzilumikiza ziwirizo motsatizana, imodzi pa purosesa, ina pa khadi. Pamenepo waganiza. Mapampu awiri otsatizana amaphatikiza mphamvu yokankha, marediyeta akhala awiri, ndipo pampu imodzi ikafa inzake imayendetsabe madzi pang'ono. Zogwirizira AIO pa khadi la zithunzi zilipo, NZXT inatulutsa Kraken G10 mu 2013, ndipo isanatero anyamata ankangomangirira ndi tizingwe ta pulasitiki tomangira mawaya. Koma taima kaye. Ngati uli ndi AIO ziwiri, iliyonse ndi pampu yake, rediyeta yake, ankhoswe ake, bwanji osangoika imodzi apa ina apo, zosadula? Kutentha kudzachoka chimodzimodzi. Wakhala chete. Yankho lako ndikulidziwa: zosadula sizioneka m'kati. Bwalo lalemba.

Za mapaipi sinditaya nthawi. Zida za lupu yeniyeni zili ndi mazinga ofanana pafupifupi dziko lonse, a G1/4, ndipo paipi yofewa yofala ndi ya mamilimita 10 m'kati. AIO ilibe mazinga. Ili ndi timilomo tomatirira, ta pulasitiki kapena ta aluminiyamu, topangidwira paipi ya mamilimita pafupifupi 6, yopanidwa ndi makina. Ukakoka mwamphamvu kamlomo kamathyoka, ndipo kakathyoka maliro ake ndi omwewo. Ng'amba paipi yakale m'litali mwake pang'onopang'ono, yatsopano uiviike m'madzi otentha ifewe, ikalowa uimange ndi kilampu. Ndati kilampu. Supa guluu si kilampu, mphira wa chubu cha njinga si kilampu, pemphero si kilampu. Paipi yoonekera ija wagula kuhadiweya, ya amisiri omanga nyumba yoyezera levulo, ukawabwezere. Ikatenthedwa imachita mbuu, imatulutsa mafuta ake m'madzi, imauma, ndipo poti kuwala kumalowa, ndere zimakondwa. Paipi yabwino ndi yakuda, ya mphira wa EPDM, yonga ya m'galimoto. Siyokongola. Nanenso sindine wokongola, koma ndilipo.

Chimene chimandiseketsa n'chakuti mumayenda modzikweza ngati mwatulukira zachilendo. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndi kumayambiriro kwa za m'ma 2000, anyamata a ku America ndi ku Ulaya ankapita kumanda a magalimoto kukazula karediyeta kotenthetsera m'galimoto, makamaka ka Chevrolet Chevette, n'kukalumikiza ndi pampu ya Eheim ya m'thanki yowetera nsomba, kambale akusema okha pa chidutswa cha mkuwa. Amenewo ndimawavulira chipewa, chifukwa m'sitolo munalibe kanthu. Ndiye kunabwera Asetek ya ku Aalborg, ku Denmark, n'kunena kuti: tiyeni tiike pampu pamutu pa kambale, titseke zonse, munthu wamba asamagone ndi nkhawa ya madzi. Corsair H50 ya mu 2009 inali ntchito yawo, ndipo inafalitsa zoziziritsira zoterezi kwa anthu wamba. Anthu anavutika kuti akutulutseni m'thengo, inu mukubwereramo mukuimba.

Ndiponso zopangidwira kutsegula zilipo. Swiftech inatulutsa H220 mu 2013, rediyeta yake ya mkuwa ndi bulasi, pampu yamphamvu, pothirira madzi pake, yoti uwonjezere chimene ukufuna. Chaka chomwecho anaichotsa pamsika wa ku America chifukwa Asetek inati luso loika pampu pa kambale ndi lake mwalamulo, ndipo mu 2014 Swiftech inabweranso ndi H220-X itasamutsira pampu ku rediyeta. Alphacool ya ku Germany ili ndi Eisbaer, rediyeta ya mkuwa, mazinga a G1/4, ndi polumikizira pongomasula ndi manja madzi osatayika. Koma ngakhale akatswiri madzi amawachititsa manyazi. Apple inaika madzi mu Power Mac G5 mu 2004, ndipo patapita zaka makina ambiri anayamba kudontha m'kati. EK yomwe ija inaitanitsa ma Predator ake kumayambiriro kwa 2016 chifukwa cha kudontha. Amenewo ali ndi mainjiniya, makina oyezera ndi maloya. Iwe uli ndi mlongo wako ndi tochi.

Ukanandifunsa ndisanamve kwa anthu, ndikanakulozera chinthu chonga Noctua NH-D15, cha ku Austria, cha mu 2014: chimulu cha zitsulo zopyapyala ndi mafani awiri. Mumachinyoza kuti n'cha mpweya, cha makolo. Simudziwa kuti m'timapaipi take 6 ta mkuwa muli timadzi totsekeredwa, timene timawira pa purosesa, nthunzi n'kukwera kukazizira kumtunda, n'kubwereranso. Madzi alimo, pampu mulibe, chodontha palibe, chimene chingafe ndi fani yokha. Kusiyana kwake ndi AIO ya 240 ndi madigiri owerengeka. Fumbi la mu Seputembala likadzaza umangopemerera.

Komabe bwalo lino si lankhanza. Ndikudziwa chimene chimakutumani. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo D5, rediyeta ya mkuwa ndi zolumikizira zake muyenera kuitanitsa ku Johannesburg kapena ku China, kulipira ndi ndalama zakunja, kudikira, n'kulipiranso msonkho. AIO yogwiritsidwa kale ntchito imapezeka motchipa. Ndiponso AIO si yamuyaya. Ngakhale isabooke, madzi ake amatuluka pang'onopang'ono kudzera m'khungu la mapaipi, ndipo pakatha zaka mumatsala mpweya wambiri, pampu n'kuyamba kukhosomola. Yotereyo, waranti itatha, mwini wake ataitaya, kuitsegula n'kuithira madzi atsopano si mlandu. Ndi ntchito yaulemu. Ifenso pagalaja tinkasema gasiketi pa katoni, ndipo malole ankafika ku Karonga. Mlandu wako ndi woti unadula yamoyo, waranti ikadalipo, usanafunse kuti m'kati muli chiyani, n'kuyesera pa kompyuta imene muli ntchito ya kusukulu ya mlongo wako. Akuluakulu anati mwana akalirira nyanga ya nsatsi msemere, imufotere yekha m'manja. Ndikanakusemera, koma nyanga iyi ikafota ifotera pa motherboard ya ndalama za bambo ako.

Imirira, ulandire chigamulo.

Poti paipi yadulidwa kale ndipo sibwerera, ntchitoyi uimaliza, koma uimaliza mwa malamulo a bwalo lino. Uyamba wakopera ntchito ya mlongo wako pa fulashi. Rediyeta uitsuka ndi madzi a batire, kugwedeza n'kukhuthula, mpaka otuluka akhale oyera. Kambale ukamasula, uyang'ane timipata take, utitsuke ndi mswachi wofewa, ndipo kamphete ka mphira kakhale pamalo pake pobwezera, kosapindika. Thanki ikwera pamwamba pa pampu, ioneke isaoneke. Pamalo otsika kuposa onse uika kampopi kokhuthulira, chifukwa chaka chamawa sindifuna kukuona utanyamula kompyuta chadodolido pamwamba pa beseni.

Ukatha kulumikiza, kompyuta siyaka. Ndabwereza: siyaka. Uzula mawaya onse a magetsi opita ku motherboard, ku khadi ndi ku madisiki, usiye pampu yokha ikudya kuchokera ku power supply. Pa pulagi yaikulu ija ya mabowo 24, waya wobiriwira ukamulumikiza ndi wakuda woyandikana naye, power supply imayaka yokha popanda kompyuta. Ngati mawaya ako onse ndi akuda, monga mwa fashoni ya masiku ano, usalote. Werenga buku lake kapena gula kapulagi kopangidwira zimenezo. Udzaza thanki, uyatsa masekondi ochepa, madzi akatsika uzimitsa thanki isanaume, uwonjezera, uyatsanso, mpaka madzi azungulire n'kubwerera. Upendeketsa bokosi uku ndi uku kuti thovu lichoke m'makona a rediyeta. Pansi pa cholumikizira chilichonse uyala tishu woyera, ndipo pampu iyenda yokha maola 24. Usandiuze kuti madzi a batire sadutsitsa magetsi. Ali m'botolo, pafupifupi sadutsitsa. Akayenda m'zitsulo masiku angapo, n'kudonthera pa fumbi la pa khadi, amadutsitsa bwino lomwe. Magetsi akazima pakati pa maola 24 amenewo, monga amachitira, kuwerenga kuyambiranso pa 1. Dontho limodzi pa tishu, kuwerenga kuyambiranso pa 1. Mlongo wako ndiye woyang'anira tishu, chimenecho ndicho chilango chake, ndipo ali ndi mphamvu zonse zokuneneza kwa ine.

Zikatheka, umata kapepala pabokosi, ulembepo tsiku limene wathira madzi ndi mtundu wa mankhwala ake. Mwezi uliwonse uyang'ana m'thanki. Madzi akayamba kuchita mbuu, kapena ukaona tizinthu toyera tikuyandama, aluminiyamu wayamba kulira, usadikire chaka.

Chindapusa ndi nkhuku imodzi, yoyera kapena yakuda ndilibe nazo kanthu, koma ikhale yaikulu.

Chotsala ndi madzi otsukira ndi kulanti wotsala m'chigubu. Kulanti wambiri wa galimoto ndi wa ethylene glycol, amene amatsekemera pakamwa koma amawononga impso, ndipo wochepa chabe amapha galu, mphaka ngakhale mwana wokwawa. Usamusiye m'mbale pakhonde, usamuthire m'botolo la zakumwa, usamukhuthulire pabwalo pamene nkhuku zimapalasa. Umutsekere m'chigubu cholembedwa, upite naye kugalaja akakuuze kotaya. Galu wangayu akangonyambita, mlandu wake sudzazengedwa pano, ndipo udzayenda wapansi mpaka utandipezera wina wodziwa kuuwa akuba n'kusiya abusa.